Makina odulira masitika akukana kompyuta yatsopano

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wanga ali ndi makina odulira masitika, akalekale koma akudula bwinobwino. Kompyuta ya Windows XP yomwe inkawayendetsa yapsa motherboard. Wagula ya Windows 11, koma ilibe polowetsa chingwe cha serial, nayo pulogalamu yoyendetsera makinawo ikukana kulowa. Pa CD palembedwa Windows 3.1 ndi 95.

Wamawaya: Za chingwe sizovuta achimwene. Musanagule kanthu tsegulani bokosilo, ma motherboard ambiri akadali ndi timapini tolembedwa COM (dzina lina la port ya serial), mumangolumikizapo kachingwe kotulutsa pulagi ya mapini 9 kumbuyo. Ngati palibe, pezani adaputa ya USB yokhala ndi chip cha FTDI. Zina zolembedwa Prolific n'zachinyengo, driver amazikana. Mu Device Manager muiike pa COM1 kapena COM2, poti mapulogalamu akale ambiri saona kupitirira COM4.

Wamapulogalamu: Pomwe pagona nkhani ndi pa pulogalamuyo. Ngati ili ya 16-bit, Windows ya 64-bit siiyendetsa, chifukwa NTVDM, gawo la Windows loyendetsa mapulogalamu akale oterewa, imapezeka pa ya 32-bit yokha, ndipo Windows 11 ya 32-bit kulibe. Compatibility mode musatayirepo nthawi. Komabe nthawi zina installer yokha ndiyo ya 16-bit. Hard disk yakale ikakhala yamoyo, koperani foda yonse muyese.

Wachinyamata: Koma tizisenza zakale mpaka liti? Apple inachotsa floppy ndi serial pa iMac mu 1998, mu 2019 macOS Catalina ya pa makompyuta a Apple inatsekera kunja mapulogalamu a 32-bit, anthu anazolowera. Kasitomalayo angogula makina atsopano.

Mkulu wa gululi: Mwana wanga, makina amoyo atayidwe chifukwa cha pulagi? Wopanga makompyuta akachotsa port amapulumutsa ndalama zake, wolipira ndi mwini makina. Inu achimwene, ikani XP mu VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera Windows ina mkati mwa kompyuta yanu (virtual machine), mumupatse COM port ija mwachindunji. Intaneti muitseke mkatimo, XP ija Microsoft inasiya kuithandiza mu 2014. Mukamaliza musunge kope la virtual machine yonse pa disk ina.

Wofunsa: Zikomo nonse. Foda yokopa yakana, ndi ya 16-bit ndithu. Timapini ta COM tinalipo. Mu VirtualBox poyamba mpeni umangoyenda mwachisawawa n'kuima pakati, kufikira nditaika liwiro la COM port pa 9600 ndi flow control pa Hardware monga zilili pa makinawo. Pano akudula bwino. Alipo anayesapo otvdm, pulogalamu yoyendetsa za 16-bit pa Windows ya 64-bit, pa ntchito yotere, kuti tisamadalire XP?