Loko wa manambala akungolira osatseka, ndithandizeni

Wofunsa: Abale anga pa gulu lino, ndithandizeni chonde. Loko wa chitseko chathu chakumaso ndi uja wa manambala, woyendera mabatire. Ndikadina batani lotsekera mota imalira, mpiringidzo umatuluka pang'ono n'kubwereranso, kenako kanyale kofiira kamaphethira. Eni nyumba sakuyankha foni, chonsecho lendi amaifuna pa tsiku lake. Amene anamanga lokoyu anasiya utuchi khonde lonse, kabuku ka malangizo anapita nako. Mlamu wanga amene tikukhala naye amamenyetsa chitseko ngati si cha eni, ndalankhula mpaka kutopa. Usiku tulo sitikubwera, ndikumachirikiza ndi mpando. Kodi ndigule wina?

Wazamagetsi: MABATIRE! Musagule loko wina mayi. Maloko ambiri otere amadya mabatire anayi a AA, ndipo amafuna a alkaline, a 1.5V. Ochajitsa ambiri ndi a 1.2V basi: manambala amayaka bwinobwino koma mota ilibe mphamvu yokankha mpiringidzo mpaka kumapeto. Sinthani onse anayi nthawi imodzi, a mtundu umodzi. Osasakaniza akale ndi atsopano.

Kalipentala: Mayi, simunatiuze chinthu chachikulu. Chitseko chili chotsegula, mukadina batani, mpiringidzo umatuluka wonse kapena umakakamirabe? Ngati ukutuluka wonse, loko alibe mlandu, vuto lili pa felemu.

Wazamagetsi: Akalipentala, inu chilichonse ndi felemu. Kanyale kofiira n'chizindikiro cha mabatire.

Kalipentala: Osati nthawi zonse, achimwene. Maloko ambiri amayatsanso chofiira mpiringidzo ukagunda chinthu. Mota ikamva kulemera imabwerera yokha kuti magiya asathyoke. Mpiringidzo umatuluka pafupifupi mamilimita 25, ndiye bowo la pa felemu likhale lozama kufika pamenepo kapena kupitirira. Pakani choko kunsonga kwa mpiringidzo, tsekani chitseko, potokolani kachogwirira ka mkati ndi dzanja. Pomwe choko chadetsa kachitsulo ka pa felemu ndi pomwe pakugunda. Ngati ndi milimita imodzi kapena ziwiri, palani ndi tupa. Zikaposa pamenepo, masulani kachitsuloko, kasuntheni, mukuze bowo ndi tchizulo. Utuchi mwanenawo mwina wina unatsalira m'bowomo, muuchotse.

Azakhali: Koma inu mayi, mukulengeza pa gulu la anthu ambirimbiri kuti chitseko chanu sichitseka usiku? N'zoona zimenezo? Musatchule komwe mukukhala. Lokoyo ngati ali ndi polowetsa kiyi, tsekani ndi kiyi kufikira akonzedwe. Mlamuyo mumuuzire kwa achibale ake.

Mnyamata wa pa shopu: Thirani oyilo mpaka adonthe, atseka yekha.

Wazamagetsi: AYI! Oyilo ndi girisi zimakoka fumbi n'kusanduka phala, ndipo zikafika pa kabolodi ka magetsi mwawononga loko. Polowetsa kiyi pamafunika ufa wa graphite kapena mankhwala opopera ouma a PTFE, pang'ono chabe. M'bokosi la mota musathiremo kanthu. Ndipo mukatsegula posungira mabatire, onani timasipuling'i. Ngati pali zoyera ngati mchere, batire linatayikira. Pukutani ndi kathonje konyowetsa viniga, muumitse bwino musanaike atsopano.

Mmisiri wa maloko: Nonse mwadumpha masikuluu awiri aatali omwe amagwirizanitsa mbali yakunja ndi yamkati. Akamangidwa mopitirira muyezo, makamaka ndi makina, amafinya chitseko ndipo kachitsulo kopyapyala kotembenuza mpiringidzo kamapanikizika. Chotsani chivundikiro chamkati, masulani sikuluu iliyonse theka la kuzungulira, onani ngati loko waima chilili, yesani ndi dzanja. Kachogwirira kayenera kutembenuka ndi zala ziwiri popanda kukankha kapena kukoka chitseko. Muonenso kawaya kochokera ku manambala, kamakonda kupanidwa pamenepo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mabatire anaika ndi mlamu yemweyo, sindikudziwa ndi amtundu wanji. Lero eni nyumba atumiza uthenga wa bilu ya madzi koma za loko ayi ndithu. Ndawerenga kuti kuli batani lofufutira zonse, ndidine?

Mmisiri wa maloko: Musathamangire. Batani limenelo limafufuta manambala anu onse achinsinsi, ndipo kabuku mulibe. Pezani kaye nambala ya mtundu wa loko mkati mwa chivundikiro, mufufuze malangizo ake pa intaneti. Mukafufuta, maloko ambiri amafuna kuphunziranso ngati chitseko chili cha kumanja kapena kumanzere. Zimenezo zimachitika chitseko chili chotsegula, apo ayi aziti watseka pamene watsegula.

Wazamagetsi: Mwamva? Sakudziwa mabatire omwe alimo! Ndinanena ine. Ndipo achite changu, mabatire akatheratu iwo ali panja adzavutika. Maloko ena opanda kiyi ali ndi timitu tiwiri tachitsulo pansi pa manambala, mumagunditsapo batire la 9V n'kulemba nambala. Ena alibe.

Kalipentala: Chitseko chomenyetsedwa chimagwa pa hinjesi yapamwamba, achimwene, ndipo mota yolimbana ndi felemu ndiyo imamaliza mabatire msanga. Mungaike atsopano, pakapita masabata ochepa athanso. Mayi, mangani masikuluu a hinjesi yapamwamba. Ngati akungozungulira, ikani aatali a mamilimita 75. Koma choyamba tiyankheni: chitseko chili chotsegula, mpiringidzo ukutuluka wonse?

Wazamagetsi: Ayambe asintha mabatire, ndiye ayese zanuzo.