Udzudzu watisowetsa mtendere ku Ndirande, thandizeni maganizo

Moni nonse pagulu pano. Ndimakhala ku Ndirande, chakumunsi kufupi ndi mtsinje wa Nasolo. Chiyambireni mvula mu Disembala, udzudzu wachuluka moti dzuwa likangolowa sitikhalanso pakhonde. Mwana wanga wazaka 3 wadwala malungo kawiri m'miyezi iwiri. Maulendo onse anamuyeza magazi, LA anamwa masiku atatu onse osadumphitsa, koma mtima wanga suli m'malo.

Tonse timagona m'masikito, ngakhale ya mwanayu ndi yakale, yapitirira zaka zitatu ndipo ndaisoka pawiri. Udzu ndinatchetcha, zithaphwi ndinakwirira, zitini ndi matayala akale ndinachotsa. Koyilo ndinasiya chifukwa utsi wake umamutsokomoletsa. Mankhwala opopera amathandiza, koma kugula sabata iliyonse sindingakwanitse.

Chomwe chandikanika ndi ngalande ya kuseri kwa nyumba. Yatsekeka ndi zinyalala, madzi amangodikha, ndipo imadutsa m'makomo ambiri, ndekha sindingaithe.

Kodi masikito yakale chonchi imakhalabe ndi mphamvu ya mankhwala, kapena ndigule ina? Nanga za ngalandezi tiyambire kwa amfumu, kwa khansala kapena kwa alangizi a zaumoyo? Amene munaikapo sefa m'mawindo, inathandizadi?