Timasensa ta ana tikumasowa pa sikirini mwana akangochoka mu nazale

Tekinishani, Mchinji:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pa chipatala chomwe ndimagwira ntchito tili ndi timasensa tomanga kuphazi kwa ana obadwa masiku asanakwane, toyeza okosijeni m'magazi ndi kugunda kwa mtima. Timasensati timalankhula ndi gateway (kabokosi kolandira deta) pa Bluetooth, gateway n'kutumiza ku seva (kompyuta yosunga deta yonse) pa wifi. Gateway imodzi ili mu nazale, ina mu wodi ya kangaroo (momwe amayi amasunga ana awo pachifuwa), pakati pali khonde. Mwana akagona malo amodzi palibe vuto. Koma akamusamutsira kwa mayi ake, kapena mayi akatuluka naye pakhonde kukawothera dzuwa, manambala amaima. Pena amabwera okha patapita mphindi zingapo, pena mpaka anesi azimitse kasensako n'kukayatsanso. Chikundisowetsa tulo n'chakuti sikirini imangosonyezabe 96 yakale ija ya okosijeni ngati kuti mwana ali bwinobwino.

Injiniya wa zipangizo zachipatala, Kasungu:
Achimwene, ma gateway anuwo ndi okhomera kukhoma kapena amayenda pa tilole?

Tekinishani, Mchinji:
Okhomera onse awiri, bwana.

Injiniya, Kasungu:
Ndiye wifi isiyeni kaye, choyenda apa ndi kasensa. Timasensa tambiri ta BLE (Bluetooth yosadya batire kwambiri) tikagwirana ndi gateway imodzi timasiya kulengeza kuti tilipo, ndiye gateway yachiwiriyo singakaone ngakhale mwana atagona pansi pake penipeni. Kamayambiranso kulengeza pokhapokha kulumikizana kwakale kukaduka, ndipo chimene chimalamula kudukako ndi supervision timeout, nthawi imene zipangizo zimadikira popanda kumvana zisanatayane, yomwe imatha kufika masekondi 32. Komanso ndikukayikira kuti gateway ya mu nazale inaikidwa kuti izikagwiranso yokha ikangokamva. Ndiye imakagwira kali kutali, siginolo ili yofooka kwambiri, cha m'ma -90 dBm, deta sikudutsa bwino, koma sikukataya. Tsegulani ma log (zolemba za gateway) muone RSSI, kutanthauza mphamvu ya siginolo, panthawi imene manambala aima.

Namwino wa ku nazale, Kasungu:
Ine za dBm ndizisiyira inu, koma mundimvere ichi. Mwana wa kangaroo sakhala poyera. Amakhala pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, timiyendo tapindika ngati ta chule, pamwamba chitenje chomanga zolimba, m'mwezi wa Juni kuwonjezera juzi ndi bulangeti. Mayi akatembenukira kukhoma, thupi lake lonse lili pakati pa kaphaziko ndi bokosi lanulo. Ndipo musaganize zouza amayi kuti asamayende. Amapita kubafa, amapita kukalandira chakudya kwa owadikirira, ndipo ife timawalimbikitsa kuyenda mwana ali pachifuwa pomwepo.

Koma chachikulu kwa ine ndi 96 mwanenayo. Usiku nesi mmodzi amayang'anira ana ambiri, maso amathamangira pa sikirini. Mwana wobadwa masiku asanakwane amatha kungosiya kupuma mwakachetechete, osalira. Nambala yakale yooneka ngati yatsopano ndi yoopsa kuposa sikirini yopanda kanthu. Chonde yambani ndi chimenecho.

Injiniya, Kasungu:
Asisita anena zoona. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, ndipo thupi la munthu, poti ndi madzi ambiri, limameza siginolo imeneyi. Muwonjezepo makoma a njerwa zootcha. Mamita 10 olembedwa pa katoni aja musawadalire.

Wa ICT, Kasungu:
Bwanji osangopatsa mayi aliyense foni yotchipa kuti ikhale gateway yoyenda naye?

Namwino, Kasungu:
Ayi achimwene. Adzatchaja ndani? Soketi za mu wodi n'zochepa kale, zina zili ndi makina a okosijeni. Komanso mayi amene wangobereka kumene tisamusenzetse udindo wosunga katundu wa chipatala.

Wa ICT, Kasungu:
Ndamva, mayi. Ndiye tikonze ku seva. Kasensa kazilembetsedwa pa nambala ya mwana, osati pa bedi kapena pa wodi, kuti deta ikabwera kudzera pa gateway iliyonse izigwera mu fayilo ya mwana yemweyo. Seva ndiyo iziuza gateway yogwira ndi yotaya. Isamasinthe chifukwa choti ina yaposa pang'ono ayi, apo ayi mayi akakhala pakhonde pakatikati kasensa kazingodumphadumpha uku ndi uku, batire n'kutha. Isinthe pokhapokha siginolo ya pa gateway yatsopanoyo yaposa ndi 8 kapena 10 dB kwa masekondi angapo motsatizana. Muyesenso kuona ngati adiresi ya kasensa imasinthasintha. Zipangizo zina za BLE zimasintha adiresi pafupifupi mphindi 15 zilizonse pofuna chinsinsi, ndipo gateway yomwe sinapangidwe pairing (kuidziwanitsa ndi kasensako) imaona ngati ndi kachipangizo kachilendo.

Tekinishani, Mchinji:
Ndaona ma log. Bwana injiniya mwalasa: gateway ya mu nazale ikumagwira ana omwe ali kale ku kangaroo, RSSI ili -88 mpaka -92. Adiresi sikusintha. Timeout ili pa masekondi 20. Nditsitse ifike 1?

Injiniya, Kasungu:
Musafike pamenepo. Mukatero mayi akangotembenuka pabedi kulumikizana kuziduka. Yambani ndi 4 kapena 5, muone. Pa timasensa tina nambala imeneyi imapemphedwa ndi kasensako, ndiye gateway ikaikana mufunse amene anakugulitsani. Chachiwiri, gateway isamagwire kasensa kalikonse kofooka kuposa -80. Chachitatu, ikani gateway ina pakhonde, m'mwamba, kuti iziona amayi kuchokera pamwamba osati kudzera m'misana yawo. Wifi ya pamenepo ngati ingathe ipite pa 5 GHz, isamalimbane ndi Bluetooth.

Wa ICT, Kasungu:
Ndiwonjezepo za nthawi. Ngati kasensa kamasunga zoyeza kakakhala kosalumikizidwa, zidzafika mochedwa, ndiye chilichonse chikhale ndi nthawi imene chinayezedwa, osati imene chafika. Ma gateway onse azitenga nthawi ku seva imodzi pa NTP (njira yofananitsira mawotchi a zipangizo), makamaka magetsi akathima n'kuyakanso, chifukwa timabokosi topanda batire ya wotchi timadzuka ndi nthawi yolakwika. Ngati mukugwiritsa MQTT (njira yotumizira mauthenga ku seva) pa QoS 1, pomwe uthenga umatumizidwanso mpaka utsimikizike kuti wafika, uthenga umodzi utha kufika kawiri. Seva izitaya wobwereza.

Tekinishani, Mchinji:
Zikomo nonse. Ndayamba ndi za asisita: pakadutsa masekondi 15 popanda deta yatsopano, nambala ikumafufutika, bokosi la mwanayo pa sikirini likumasanduka lachikasu ndipo alamu ikulira mosiyana ndi ya okosijeni wotsika. Malire a -80 ndaika, timeout ili pa 5. Ndinamanga kasensa pamkono, n'kukaphimba ndi chitenje pachifuwa, n'kuyenda kuchoka mu nazale mpaka kumapeto kwa wodi ya kangaroo. Kakumasamuka kokha tsopano, kupatula pakona ya khonde pafupi ndi bafa pomwe kakudukabe. Gateway yachitatu ndalemba kale pempho.

Namwino, Kasungu:
Podikira imeneyo, auzeni anesi a usiku za pakonapo, ndipo mulembe m'buku la handover kuti chikasu chikaoneka apite akamuone mwanayo ndi maso, asadikire kuti nambala ibwerere.