Woledzera anagunda mchemwali wanga koma inshuwaransi yake ndi yochepa, ndalama zotsala zichokera kuti?

NaMbewe77:
Moni nonse. Mchemwali wanga anagundidwa ndi dalaivala woledzera kuno ku Indiana, ku America, miyezi iwiri yapitayo. Anathyoka mwendo, anachitidwa opaleshoni, ndipo mabilu a kuchipatala afika kale madola 70,000, osawerengera malipiro a miyezi imene sakupita kuntchito. Mkuluyo apolisi anamugwira pompo, koma inshuwaransi yake ndi ya 25,000 basi. Kampani yake yalemba kalata kuti ipereka 25,000 yonseyo mchemwali akasayina pepala lotchedwa release, lovomereza kuti sadzafunanso ndalama zina kwa dalaivalayo. Asayine? Nanga zotsalazo alipira ndani?

Chisale_K:
Pepani achemwali. Pepalalo asathamangire kusayina.

25,000 imeneyo ndi muyezo wotsikitsitsa umene lamulo la Indiana limalola: 25,000 pa munthu mmodzi wovulala, 50,000 pa ngozi yonse, ndi 25,000 ya katundu. Kampani ya woledzerayo sidzapitirira pamenepo ngakhale mutalira motani. Koyang'ana tsopano ndi ku inshuwaransi ya mchemwali wanu yemwe. Atenge tsamba loyamba la polise yake (pangano la inshuwaransi ya galimoto), lija amalitcha declarations page, afufuze mzere wolembedwa UIM. Imeneyi ndi mbali yomwe imalipira ngati wokugundayo ali ndi inshuwaransi yosakwanira. Ku Indiana kampani imayenera kuikamo UIM pokhapokha mwini polise atakana mochita kulemba. Ndiye akakuuzani pafoni kuti mulibe, afunseni akuonetseni pepala limene iye anasayina pokana.

Masamu ake ali motere. Tinene kuti zonse zowonongeka, mabilu, malipiro otayika ndi ululu, zakwana 120,000, ndipo UIM yake ndi 100,000. Ambiri amaganiza kuti alandira 25,000 kuphatikiza 95,000. Ayi. Ku Indiana amachotsera zimene woledzerayo wapereka: 100,000 kuchotsa 25,000, UIM ipereka zosapitirira 75,000. Zonse pamodzi 100,000. Maboma ena a ku America amasanjikiza ndalamazi pamwamba, koma musawerengere zimenezo kuno.

Tsono pamene anthu amagwera m'mbuna ndi apa. Kampani ya mchemwali wanu ikamulipira, imakhala ndi ufulu wokalonjerera ndalama zake kwa woledzerayo. Mchemwali akasayina release mwakachetechete ndiye kuti waupha ufulu umenewo, ndipo kampani ikhoza kukana kulipira UIM. Ndondomeko yake: alembere kalata kampani yake, aphatikizepo kalata ya 25,000 ija ndi umboni wakuti muyezo wa polise ya woledzerayo ndi womwewo, atumize pa certified mail kuti pakhale risiti. Kampani ili ndi masiku 30. Ikhoza kumulola kulandira, kapena kumupatsa yokha 25,000 kuti isunge ufulu wokasumira mkuluyo. Pambuyo pake, asanasayine, awerenge bwino kuti release ikumasula dalaivala ndi kampani yake yokha, osati "aliyense wokhudzidwa".

Chinanso: ngati amakhala nyumba imodzi ndi m'bale amene ali ndi galimoto, polise ya m'baleyo iwerengedwenso. Zambiri zimateteza achibale a m'nyumbamo.

MaiGondwe:
A Chisale alongosola bwino. Ine ndionjezereko za kuchipatala, chifukwa ndalama zimatha kubwera koma osafika m'thumba.

Mabilu apite kaye ku inshuwaransi ya zaumoyo ngati ali nayo. Iyo imalipira pamtengo umene inagwirizana ndi chipatala, womwe nthawi zambiri ndi wotsika kwambiri kuyerekeza ndi wolembedwa pa bilu. Pamapeto idzafuna kubwezeredwa kuchokera pa chipukuta misozi, inshuwaransi za zaumoyo za boma, Medicaid ndi Medicare, nazonso chimodzimodzi, koma kubweza zimene iyo inalipira n'kopepuka kusiyana ndi kulipira bilu yathunthu. Zipatala zina zimakonda kusatumiza bilu ku inshuwaransi, n'kuika chikole pa chipukuta misozi kuti zitenge mtengo wonse. Imbani ku ofesi ya mabilu mufunse ngati anatumiza. Aonenso ngati polise ya galimoto yake ili ndi MedPay, mbali yolipira mabilu a kuchipatala. Imakhala yochepa, mwina 1,000 kapena 5,000, koma imatuluka msanga posayang'ana wolakwa.

Nkhani ya UIM asaitseke dokotala asananene kuti mwendo wafika pomwe ungafike. Pakadzafunika opaleshoni ina yochotsa zitsulo, mtengo wake ulembedwe ndi dokotala panopa, chifukwa fayilo ikatsekedwa siitsegulidwanso. Masiku a fizo asamajombe. Akangodumpha mwezi, kampani imati anachira. Kwa abwana ake atenge kalata yosonyeza malipiro a pa ola ndi masiku amene waphonya.

Ndipo asanyengeke ndi mawu okoma a pafoni. Pa nkhani ya UIM kampani yake yomwe imasanduka mdani, chifukwa dola iliyonse ikutuluka m'thumba mwawo. Polise imamukakamiza kugwirizana ndi kampani yake, koma kampani ya woledzerayo alibe nayo pangano, sakakamizidwa kujambulidwa mawu. Zithunzi za ku maphwando pa Facebook ziyambe zadikira.

NaMbewe77:
Zikomo kwambiri. Tapeza kuti UIM yake ndi 100,000. Koma zikutiwawa kuti woledzerayo angodutsa osatulutsa kalikonse m'thumba mwake. Sitingamusumire iyeyo?

Nkhoma_wa_kale:
Mungathe, koma yambani mwafunsa kuti ali ndi chiyani. Munthu wogula inshuwaransi yotsikitsitsa kawirikawiri alibe nyumba kapena chuma choti khoti lilande, ndipo chigamulo cha 200,000 pa munthu wotere chimangokhala pepala. Dziwaninso kuti simungachite ziwiri: akasayina release n'kulandira 25,000, mlandu ndi mkuluyo wathera pomwepo. Loya amatha kufufuza katundu wake, kapena kumulumbiritsa polemba kuti alibe inshuwaransi ina. Afunsenso kuti galimotoyo ndi ya ndani, komanso ngati anali pantchito nthawi ya ngoziyo. Polise ya kampani yolemba ntchito imakhala yayikulu.

Za chindapusa cholangira woledzera, zomwe ambiri amaziyembekezera, ku Indiana n'zokhumudwitsa. Sichipitirira katatu ka chipukuta misozi kapena 50,000, potengera chachikulu pa ziwirizi, ndipo magawo 75 pa 100 amapita ku thumba la boma lothandiza ochitiridwa nkhanza. Inshuwaransi nayo nthawi zambiri siilipira chindapusa chotere. Chabwino n'chakuti ngongole yobwera chifukwa chovulaza munthu poyendetsa utaledzera siifafanizika ndi bankruptcy, ndondomeko ya khoti yofafaniza ngongole za munthu wolephera kulipira.

Njira ina ndi bala limene anamwerako. Lamulo limalola kusumira wogulitsa mowa, koma muyenera kuonetsa kuti ankadziwadi kuti munthuyo waledzera kale moonekera. Umboni wake ndi malisiti, mboni ndi vidiyo ya makamera, ndipo vidiyo imafufutika pakangopita masiku kapena masabata. Miyezi iwiri ndi yambiri kale, kalata yowauza kuti asunge umboni ipite sabata ino. Lipoti la apolisi nthawi zina limatchula kumene munthu anachokera.

Mlandu wa boma ndi wosiyana ndi wanu. Lumikizanani ndi ofesi ya woimira boma pamilandu, muwapatse mabilu, woweruza akhoza kulamula kuti abweze zina. Zotsatira za kuyeza mowa m'thupi mwake, ngati zafika pa malire a lamulo a 0.08 kapena kupitirira, zikuthandizaninso. Koma musadikire kuti mlandu umenewo uthe: ku Indiana muli ndi zaka 2 kuchokera tsiku la ngozi kuti musume, ndipo polise ina imaika nthawi yakeyake pa UIM.

Chisale_K:
Pa kuvulala kwa opaleshoni loya ndi wofunika, ndipo kukambirana koyamba ambiri salipiritsa. Amatenga gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena 40 pa 100 nkhani ikalowa m'khoti, ndipo ndalama zoyendetsera mlandu zimachotsedwa padera. Popeza 25,000 ija yabwera kale iye asanagwire ntchito, mufunseni asatengepo gawo kapena atsitse. Ena amavomera. Zimenezo zilembedwe mu pangano musanasayine.