Ndithandizeni, mavawelo a Chingerezi andisokoneza mutu

Membala wobisa dzina: Adimini chonde dzina langa lisaoneke, alamu anga ali pagulu pomwe pano. Ndine mayi wa ana atatu. Chingerezi cholemba ndilibe nacho vuto, pa MSCE ndinakhoza bwino, koma ndikangoyankhula anthu amati ndibwereze. Sabata yatha ndinaphunzira kuti ea wa mu "meat" amamveka ngati i, ndiye ndinawerenga "head" kuti hidi, mwana wanga wa Sitandade 7 anaseka mpaka misozi. Kenako ndakumana ndi "break", kenako "heart", zilembo zomwezo koma chilichonse kamvekedwe kake. Ndinalipira mnyamata wina K40,000 kuti azindiphunzitsa madzulo, anabwera katatu basi, lero foni yake sikupezeka. Bambo a kunyumba akuti ndikutaya ndalama, chonsecho iwo za kubetcha mpira sawerengera. Alamu angawo anakhala ku Joni miyezi 8 yokha koma amandikonza pamaso pa alendo, ndi omwewonso anabwereka poto wanga wamkulu pa chinkhoswe mpaka pano sanabweze. Kwatsala masabata atatu kuti tsikulo lifike ndipo tulo sindikuliona. Kodi lilipo lamulo loti munthu ungaligwire?

Nachisale: Asisi, poto ameneyo mukamutenge mawa lomwe. Ine wanga anapita choncho mu 2019, ndinakamupeza akuphikira mowa.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, khalani pansi mumvetsere. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka 34. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a e i o u, ndipo lililonse lili ndi liwu limodzi, n'chifukwa chake mwana akadziwa maphatikizo amawerenga chilichonse. Chingerezi chili ndi malembo asanu omwewo koma maliwu ake ngati 20. Malamulo alipo. Loyamba: e wa kumapeto satchulidwa, ntchito yake ndi kuchititsa lembo la m'kati kutchula dzina lake. Hat, hate. Bit, bite. Hop, hope. Cut, cute. Lachiwiri: konsonanti akabwera awiri, liwu limafupika. Hopping ndi hoping n'zosiyana, dinner ndi diner n'zosiyana. Lachitatu: mavawelo awiri akatsatana, woyamba ndiye amayankhula. Rain, boat, meat. Izi ife tinkaziimba m'kalasi, ndipo dikiteshoni inali Lachisanu lililonse. Ana a masiku ano angodziwa foni.

Chimwemwe wa ku Leeds: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, lamulo lachitatulo ndi lomwe lawagwetsa mayiwa. Nanga head, bread, great, friend, said, chief? Ndipo e wa kumapetoyo bwanji sagwira pa have, give, love, come?

Mphunzitsi Wopuma: Amenewo ndi mawu opatuka, amaloweza pamtima. Mwana iwe, kupita ku Mangalande sikuti wasanduka mphunzitsi.

Mayi Nesi: Funso langa kwa mwini nkhani: tsikulo ndi la chiyani? Mayeso, intavyu ya ntchito, kapena muwerenga mawu kutchalitchi? Chifukwa thandizo lake limasiyana.

Chimwemwe wa ku Leeds: Ine zinandionekera chaka changa choyamba kuno. Ndinauza eni nyumba kuti ndikufuna kupitiriza kukhala, ndinati "I want to live here", koma live wangayo anamveka leave. Mawa lake ndikuchokera ku ntchito ndinapeza abweretsa munthu wodzaona chipinda. Ndinalira usiku umenewo. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti i wa mu live ndi ship ndi wamfupi, milomo yongoilekerera, amakhala pakati pa i ndi e wathu. Wa mu leave ndi sheep ndiye i wathu uja koma womukoka. Ndipo dziwani kuti Angerezi eni ake sagwirizana. Kuno kumpoto kwa Mangalande bus ndi cup amatchula ndi u ngati wa Chichewa, pomwe ku London amamveka ngati a.

Jah B: Chimwemwe unapulumuka. Mnzanga wina anapempha sheet kuhotela, mawu anatuluka ena aja, mpaka anamuitanira manijala 😂

Adimini: Jah B samala pakamwa, pano pali makolo.

Mbadwa ya Dedza: Ine zimandiwawa kuona mayi wamkulu akusowa tulo chifukwa cha chiyankhulo cha eni. Mzungu akabwera kuno amati "muli banji", amalephera ngakhale kutchula ng'ombe, ife timamuombera m'manja. Ife tikaphonya kamodzi tisekedwe? Anthu a ku Nigeria, a ku India, amayankhula Chingerezi chawo osapepesa munthu. Yankhulani mmene lilime lanu linabadwira.

Mphunzitsi Wopuma: Maganizo amenewa ndi amene apha maphunziro m'dziko muno. Nthawi ya Kamuzu mwana wa Sitandade 8 ankalemba kalata yopempha ntchito yopanda cholakwa. Mukuganiza Kamuzu Academy ku Mtunthama anaitsegula mu 1981 kuti anthu aziyankhula mmene afunira? Munthu amene satha kusiyanitsa bad, bed ndi bird, kapena hat, hut, heart ndi hurt, asanamizire lilime. Ndi ulesi.

Mbadwa ya Dedza: Madala, inuyo mutawatchula anayiwo pa voice note, tingamve kusiyana? Tumizani timve.

Mphunzitsi Wopuma: Sindiyesedwa mayeso ndi ana anga.

Wophunzira za Ziyankhulo: Ndilowererepo pang'ono. Mayi, vuto si mutu wanu, ndi mbiri ya Chingerezicho. Kuyambira cha m'ma 1400 mpaka m'ma 1600, katchulidwe ka mavawelo aatali kanasintha ku England, akatswiri amati Great Vowel Shift. Kale bite ankamveka ndi i wokoka ngati wathu, name ankamveka ndi a. Pa nthawi yomweyo William Caxton anayambitsa makina osindikiza mabuku ku Westminster mu 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika pamene pakamwa pakusinthabe. N'chifukwa chake food, good ndi blood amalembedwa mofanana koma samveka mofanana. Onaninso mawu amene makolo athu anabwereka, anatsatira khutu osati pepala: cup inakhala kapu, bus inakhala basi, bread inakhala buledi. Chosangalatsa kwambiri ndi nurse, shirt ndi church. M'Chingerezi cha ku Britain atatuwa ali ndi liwu limodzi, koma ife tinati nesi, shati, tchalitchi, chifukwa liwulo kwathu kulibe ndiye aliyense analiponya kumene linamugwera. Liwu limeneli ndi lomwenso lili mu work, bird, learn ndi hurt. Mukaligwira limodzili mwakonza mawu ambiri.

Mphunzitsi Wopuma: Mayiwa afunsa lamulo, inu mukuwapatsa mbiri ya azungu akufa. Za ku yunivesite zimenezi.

Madam Grace Lessons: Inbox mayi, Chingerezi cha British m'masabata awiri, mtengo wochezeka.

Nachisale: Ena aja a K40,000 abweranso ndi dzina lina.

Mayi Nesi: Ndafunsa kale, tsikulo ndi la chiyani? Ngati ndi mayeso a Chingerezi aja a IELTS, oyesa safuna kuti mumveke ngati mzungu, amafuna azikumvani mosavutika. Ine ndinakonzekera chonchi: pa intaneti Cambridge Dictionary ili ndi kabatani komvera liwu lililonse, ka UK ndi ka US, musankhe kamodzi osasakaniza. Mukaona timadontho tiwiri pambuyo pa chizindikiro cha katchulidwe, ndiye kuti liwulo ndi lalitali. Tengani mawu awiriawiri, full ndi fool, walk ndi work, staff ndi stuff, mudzijambule pa WhatsApp n'kumadzimvera. Mphindi 15 patsiku, sizidya bandulo yambiri. Koma ngati muwerenga zolemba pagulu, ndiye ingotengani pepala lomwelo muphunzire mawu ake okhawo.

Bambo Mlaliki: Mose naye anali wolemera pakamwa koma Mulungu anamutuma kwa Farao, werengani Eksodo 4. Tikupemphererani mayi.

Mphunzitsi Wopuma: Ndisanaiwale, ough. Though, through, tough, cough, thought. Ndani pagulu pano angatchule onse asanu osaphonya? Ine ana anga a Fomu 2 ankatha, ndipo amene waphonya ankasesa bwalo.

Jah B: N'chifukwa chake bwalo la pasukulu panu linali loyera chonchija madala.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga zonse ngakhale zina zandipitirira. Aphunzitsi, ndiye ea uja ndizimutchula bwanji ndikakumana naye pa mawu achilendo? A Nachisale, za poto ndinawatumizira mwana kawiri, akuti ali kwa apongozi awo ku Mponela. Panopa ndamva kuti alamuwo aona positi ino ndipo auza kale bambo a kunyumba kuti ndine ndalemba.

Mayi Nesi: Mayi, tsikulo ndi la chiyani?