Thandizo pa makalata a msilikali wa KAR a 1944

Moni nonse a m'gulu lino. Tili ndi makalata 14 a banja la ku Ntcheu, olembedwa m'Chinyanja pakati pa 1944 ndi 1945. Asanu ndi anayi ndi ochokera kwa agogo omwe anali ku nkhondo ku Burma ndi King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali a mu Africa pansi pa ulamuliro wa Britain. Enawo ndi ochokera kumudzi, omwe agogowo adabwera nawo. Akumudziwo amakamba za msonkho, kufolera nkhokwe, ndalama zomwe sizinafike, ndi mbuzi yomwe idagulitsidwa.

Vuto ndi ili: analembedwa ndi pensulo, ndipo chinyezi cha m'sutikesi yachitsulo chidamatanitsa mapepala anayi. Pomwe padamatidwa selotepi pada bii.

Tayesa kujambula ndi foni padzuwa, zilembo zikunyezimira osawerengeka. Fotokope idangotulutsa mdima. Kumatula ndi mpeni tidasiya, pepala lidayamba kusupuka. Pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission dzina palibe, poti pamenepo pamalembedwa omwe adamwalira nthawi ya nkhondo, pomwe agogowa adabwerako.

Ndiye timatule bwanji osang'amba? Nanga nambala yausilikali yomwe ili pa envelopu ingatithandize kudziwa bataliyoni yawo ku National Archives ku Zomba? Amene mudafufuzako kumeneko, amafuna tibwere ndi chiyani?