Chiswe chandithera mawindo, ndiikepo otani?

Mayi wa atatu:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mafelemu athabwa a mawindo anga adyedwa ndi chiswe. Dzulo ndinangodina ndi chala, thabwa n'kubooka, dothi n'kuyoyokera pansi. Ndikufuna kusintha onse asanu. Ndiike achitsulo kapena a aluminiyamu? Kuchipinda kumatentha kwambiri masana.

Mmisiri wakale:
Mayi, achitsulo ngolimba, ndipo zitsulo zotchinga akuba amaziwotcherera pomwepo. Koma dzimbiri limayambira m'munsi momwe mumakhala madzi a mvula, choncho apake kaye penti yoletsa dzimbiri asanaike magalasi. Aluminiyamu sachita dzimbiri, penti safunanso. Pawindo lalikulu musalole galasi lopyapyala la mamilimita atatu (3mm), limasweka msanga.

Mnansi wanu:
Ine ndinaika a aluminiyamu okankhira m'mbali aja, ndipo ndikudandaula mpaka lero. Amatseguka theka lokha, mphepo imalowa yochepa. Fumbi limadzazanso m'kanjira moyenda galasimo, moti ndimachita kukolopola ndi mswachi wakale. Poti kwanuko n'kotentha, sankhani otsegukira kunja, amene amatseguka onse.

Mayi wa atatu:
Zikomo, za theka lokhazo sindinaziganizire n'komwe. Nanga chiswechi ndithane nacho bwanji chisanafike kudenga?